Kuwenga Ziboda za Abulu ndi Akavalo Osavala Zitsulo: Mafunso ndi Mayankho a Oweta a ku Ntcheu

M'boma la Ntcheu, chiweto cha chiboda chosagawika chimene chimaoneka m'misewu ndi bulu. Pamodzi ndi ng'ombe zapagoli, ndiye amakoka ngolo za mbatatesi, kabichi, chimanga, nkhuni ndi njerwa. Akavalo ndi osowa m'Malawi muno, ndipo malo amene akhala akudziwika nawo ndi ochepa, monga paphiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay. China chimene chimawalepheretsa kuchuluka ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo toluma, amene abulu amawapirira koposa akavalo. Komabe ziweto ziwirizi ndi zapachibale, ndipo luso lowenga ziboda zawo ndi limodzi, kupatula kusiyana pang'ono kumene woyamba kumene ayenera kukudziwa.

Kodi kusamala ziboda popanda zitsulo ndiye kutani?

Ndi kusunga chiboda pa msinkhu ndi maonekedwe oyenera pochiwenga ndi kuchipala, osakhomerako chitsulo ndi misomali. M'maiko a ku Ulaya chizolowezi chokhomera zitsulo chinafala zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, koma kale kwambiri chisanayambe akavalo ankagwira ntchito ndi ziboda zawo zokha. Xenophon, msilikali ndi mlembi wa ku Greece amene anakhalako zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, analangiza kuti pabwalo la khola pathiridwe miyala yobulungira kuti ziboda zilimbe. Maganizo amenewa anatchukanso pamene Jaime Jackson wa ku America, amene ntchito yake inali yokhomera akavalo zitsulo, anafufuza ziboda za akavalo akutchire m'dera louma la Great Basin kuyambira 1982 mpaka 1986, n'kutulutsa buku lake The Natural Horse mu 1992. Anapeza kuti ziboda za akavalo oyenda mitunda italiitali pamiyala zimakhala zazifupi, zolimba ndi zobulungira m'mphepete. Kwa mlimi wa ku Ntcheu nkhani yochotsa zitsulo palibe, chifukwa bulu wake sanavalepo. Chimene chimasowa ndi theka linalo la ntchitoyi, lomwe ndi kuwenga kwa nthawi ndi nthawi.

Kodi chiboda chili ndi mbali ziti?

Kunja kuli khoma lolimba, limene limamera kuchokera pa mkombero wapamwamba pamene ubweya umathera, n'kumatsika pansi. Munthu akatembenuza chiboda amaona mbali zina zitatu. Yoyamba ndi chikhatho chake, malo otambalala olowa mkati pang'ono amene amateteza fupa. Yachiwiri ndi nyama yofewerapo yooneka ngati chilembo cha V, yoyambira kuchidendene n'kuloza kutsogolo, imene madokotala a ziweto amaitcha frog. Imeneyi imachepetsa kugunda kwa phazi pansi, imathandiza kuti chiweto chisaterereke, ndipo ikamapsinjika poyenda imathandiza magazi kuyenda m'phazi. Yachitatu ndi mzere woyera, kamzere kopyapyala kozungulira pamene khoma limalumikizana ndi chikhatho. Ngakhale umatchedwa woyera, kawirikawiri umaoneka wachikasu. Mzerewu ndiwo chitsogozo cha wowenga: zonse za kunja kwake ndi khoma, ndipo mkati mwake ndi moyenera kusamala. Mkati mwenimweni mwa chiboda muli fupa lomangiriridwa kukhoma ndi timinofu tambirimbiri todzaza magazi.

Kodi chiweto sichimva kuwawa pochiwenga?

Ayi, ngati wowengayo sapyola malire. Khoma la chiboda lili ngati chikhadabo cha munthu: mbali yotalika ilibe magazi kapena mitsempha, koma kulowa mkati pang'ono ndi nyama yamoyo. Pamene chikhatho chayamba kuoneka chofiirira, kapena chikubonyoka munthu akachidinikiza mwamphamvu ndi chala chachikulu, mpeni wayandikira nyama ndipo ntchito iyenera kuima. Magazi akatuluka ndiye kuti wowenga walakwitsa, ndipo chilondacho chitsukidwe, chipakidwe ayodini ndi kutetezedwa kumatope. Chiweto chowengedwa bwino chimachoka pamalopo chikuyenda monga chinabwerera kapena bwino koposa. Chikachoka chikuponda monyinyirika, chiboda chafupikitsidwa mopitirira.

Bulu amayenda tsiku ndi tsiku. Kodi ziboda zake sizidyeka zokha?

Zimadyeka, koma sikawirikawiri kuti zidyeke mofanana ndi mmene zikukulira. Khoma la chiboda cha kavalo limakula mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, ndipo limatenga miyezi 9 mpaka 12 kuti litsike kuchokera pamkombero kufika pansi kutsogolo kwa phazi. Kuthengo, nyama yoyenda mtunda wautali panthaka youma imadya chiboda chofanana ndi chimene chamera. Bulu woweta moyo wake ndi wina, ndipo ku Ntcheu nyengo ndi malo zimasintha zinthu kwambiri.

Nthawi yadzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, misewu yambiri yakumidzi imakhala matope, ngolo zimayenda mochepa, ndipo abulu amakhala omangirira pamsipu kuopa kuti angadye mmera wa anthu. Chiboda chimamera koma sichikumana ndi chochidya. M'chigwa cha Bwanje, kumadera a Sharpevale ndi Kasinje, dothi lamakande limamatirira m'phazi n'kusunga chinyezi. Chilimwe chikafika, makamaka nthawi yotuta ndi yopititsa mbewu kumisika ya Lizulu ndi Tsangano, zinthu zimatembenuka: njira zamiyala za kumapiri ndi phula la msewu wa M1 zimadya chiboda mofulumira, nthawi zina koposa mmene chikumerera. Palinso vuto lakuti bulu wokoka ngolo yolemera, kapena womangidwa mbali imodzimodzi ya ngolo masiku onse, saponda mofanana, choncho mbali imodzi ya chiboda imadyeka ina n'kutsala. Chiboda chopendekera chotero sichidziwongola chokha. Chimapitiriza kupendekera ndipo m'kupita kwa nthawi chimapotoza mfundo za mwendo.

Kodi chiboda cha bulu n'chimodzimodzi ndi cha kavalo?

Mbali zake ndi zomwezo, koma maonekedwe amasiyana, ndipo amene amawenga bulu potsata chithunzi cha kavalo amamuvulaza. Chiboda cha kavalo n'chotambalala ndi chozungulira, ndipo khoma lake lakutsogolo limapendekera pa madigiri pafupifupi 50 mpaka 55. Cha bulu n'chopapatiza, chooneka ngati chilembo cha U, ndipo chimaima chilili koposa cha kavalo ndi madigiri 5 mpaka 10. Zidendene zake ndi zazitali mwachibadwa, motero kuzitsitsa kuti zifanane ndi za kavalo n'kulakwa. Chikhatho cha kavalo chimafundula chokha tizidutswa takufa, pamene cha bulu n'chochindikala ndipo sichifundula msanga, choncho chimafuna kupalidwa pang'ono kuti chisatundumuke n'kuyamba kusenza thupi m'malo mwa khoma.

Kusiyana kwakukulu kuli pa madzi. Makolo a bulu ndi abulu akutchire a m'madera ouma a kumpoto chakum'mawa kwa Africa, kumene anthu anayamba kuwaweta zaka zoposa 5,000 zapitazo. Chiboda cha bulu chimamwa madzi ambiri koposa cha kavalo, chinthu chothandiza m'chipululu koma choopsa kumalo a mvula yambiri ngati kumtunda kwa Tsangano ndi Njolomole. Chiboda chonyowa masiku ambiri chimafewa, ndipo tizilombo timalowa mosavuta.

Kodi ziwengedwe kangati, ndipo mwini adziwa bwanji kuti nthawi yakwana?

Akavalo ambiri osavala zitsulo amawengedwa masabata 4 mpaka 8 aliwonse, ndipo abulu masabata 6 mpaka 10. Ziwerengerozi ndi poyambira chabe, chifukwa bulu wogwira ntchito pamiyala m'chilimwe angafune kungosalaza m'mphepete, pamene yemweyo mu Febuluwale angafune kuwengedwa ndithu. Chiboda chimene chafika nthawi chimaoneka chotalika kutsogolo, khoma limayamba kutambasukira kunja m'munsi, m'mphepete mumabenthuka kapena kung'aluka, ndipo chiweto chimapunthwa pafupipafupi. Munthu akachiyang'ana chapambali chitaima pamalo osalala, kupendekera kwa khoma lakutsogolo kuyenera kutsatana ndi kupendekera kwa kafupa ka pamwamba pa chiboda, ngati mzere umodzi wowongoka. Mzerewo ukathyoka, chiboda chasokonekera. Kupala pang'ono pafupipafupi n'kwabwino koposa kudula kwambiri kamodzi pachaka, ndipo kwa wophunzira kumene n'kumenenso kulibe ngozi.

Kodi pamafunika zipangizo zanji? Nanga chikwanje sichingagwire ntchitoyi?

Zipangizo zenizeni ndi zinayi: kachitsulo kokhota kosathwa kochotsera matope ndi miyala, mpeni wa ziboda wopindika kunsonga, chodulira chokhala ngati pulayazi yaikulu ya milomo yakuthwa, ndi tupa yaikulu ya mano okhakhala mbali imodzi ndi osalala mbali inayo. Kachitsulo kochotsera matope aliyense wosula zitsulo pamsika angakapange ndi kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba, bola nsonga yake ikhale yobuntha. Pamene tupa ya ziboda palibe, tupa yokhakhala ya akalipentala imathandiza, ngakhale imachedwa.

Mwa zonsezi, woyamba kumene agule tupa. Tupa imachotsa pang'onopang'ono ndipo imapatsa munthu mpata woona chimene akuchita. Chodulira ndi mpeni zimafuna dzanja lozolowera. Chikwanje, nkhwangwa, sompho kapena tchizulo chomenya ndi hamala si zida zowengera. Chizolowezi chogoneka phazi la bulu pachipika n'kulitema chimang'amba khoma, sichisiya chiboda chofanana, ndipo bulu akangosuntha pang'ono chikwanjecho chimagwera panyama kapena padzanja la wogwira. Kuwotcha chiboda ndi chitsulo chamoto kuti chifewe nakonso kumachiumitsa n'kuchisiya chophweka kung'aluka. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, pamene ziboda zimauma gwa, kuimika chiweto pamasaka onyowa kwa mphindi 15 kapena 20 n'kokwanira kuzifewetsa.

Bulu akamakana kukweza mwendo, achite bwanji mwini wake?

Ayambe kumuphunzitsa masiku angapo tsiku lowenga lisanafike. Bulu amakumbukira kumenyedwa, ndipo amene anagwetsedwapo pansi ndi zingwe kuti awengedwe amavuta kwambiri ulendo wotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lililonse mwini aime pambali pa phewa la bulu atayang'ana kumchira, atsetserese dzanja kuchokera paphewa kutsika mwendo, akweze phazi kwa kamphindi, alibwezere pansi yekha bulu asanalilande, kenaka amukande pakhosi. Nthawi yogwira phazi iziwonjezeka pang'onopang'ono.

Bulu ndi wamfupi, ndipo cholakwa chofala ndicho kukweza phazi lake m'mwamba kapena kulikokera kunja kuti wowenga asawerame. Zimenezi zimapweteka mfundo, makamaka kwa bulu wokalamba, ndipo ndiye amayamba kulimbana. Wowenga ndiye awerame, phazi likhale pafupi ndi nthaka ndiponso pansi pa thupi. Pogwira mwendo wakumbuyo aime moyandikana ndi thupi la bulu, chifukwa theche limapweteka kwambiri munthu amene waima patali pang'ono. Wogwira chingwe chakumutu aime mbali imodzi ndi wowenga. Abulu amakondana awiriawiri, choncho mnzake wapangolo akakhala pafupi, wowengedwayo amadekha. Mwana wa bulu azolowere kugwiridwa miyendo kuyambira ali wamng'ono.

Kodi kuwenga kwenikweni kumayenda motani?

Ntchito imayamba mpeni usanagwiridwe. Chiweto chiyendetsedwe pamalo osalala ndi olimba, wowenga aone ngati chikutsimphina ndiponso mbali ya phazi imene ikuyamba kugunda pansi. Kenaka chiimikidwe pamthunzi, ndipo phazi litsukulidwe bwino ndi kachitsulo kaja, kuyambira kuchidendene kupita kutsogolo, makamaka m'ngalande ziwiri za m'mbali mwa frog mmene mumabisala timiyala.

Phazi likayera, mzere woyera umaoneka, ndipo m'pamene wowenga amadziwa kutalika kwa khoma lopitirira. Ndi mpeni achotse zokhazo za pachikhatho zimene zikufumbutuka ngati choko, mpaka pataoneka posalala ndi polimba. Pa frog adule tizidutswa tolendewera tokha, osaisema kuti ioneke yokongola, chifukwa iyenera kutsala yokwanira kukhudza pansi. Kenaka khoma lifupikitsidwe mpaka litatsala pang'ono pokha pamwamba pa chikhatho. Tupa iyende chogona, kuchokera kuchidendene kupita kutsogolo, ikudutsa mbali zonse ziwiri mofanana. Dzanja lamphamvu la munthu limakonda kudya mbali imodzi koposa inzake iye osadziwa, n'chifukwa chake pakapalidwa kangapo wowenga aime, agwire mwendo pamwamba pa chiboda kuti chilendewere chokha, ayang'ane kuchokera kuchidendene. Zidendene ziwiri zikhale zofanana msinkhu, ndipo pansi ponse pakhale pathyathyathya.

Pomaliza phazi likokeredwe kutsogolo, litsamire pabondo la wowenga kapena pachipika chachifupi. Pamene khoma latambasukira kunja papalidwe, koma m'munsi mokha, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a khomalo, chifukwa kupala khoma lonse kumachotsa chikutiro chake choteteza. Kenaka m'mphepete monse mubulungidwe ndi mbali yosalala ya tupa. Kubulunga kumeneku ndiko chizindikiro cha kuwenga kwa ziweto zosavala zitsulo: m'mphepete mwakuthwa mumakodwa pamiyala n'kubenthuka, pamene mobulungira mumangodutsa. Ndi bwino kumaliza mapazi awiri akutsogolo motsatana, kenaka akumbuyo, kuti azifanizidwa. Akutsogolo ndiwo amasenza gawo lalikulu la thupi, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, ndipo mavuto ambiri amayambira kumeneko. Chiweto chiyendetsedwenso ntchito ikatha.

Nanga chiboda chimene chinatalika mpaka kupindikira m'mwamba?

Chimenechi si cha wophunzira. Chiboda chikalekereredwa miyezi yambiri, bulu amayamba kupondera kuchidendene, mitsempha ya kumbuyo kwa mwendo imakokeka, ndipo nyama yamoyo ya mkati mwina sikhalanso pamalo pamene munthu angayembekezere. Kuchibwezera msinkhu wake tsiku limodzi kungathe kutulutsa magazi kapena kusiya bulu wosatha kuima. Mlangizi wa ziweto kapena munthu wozolowera ndiye ayambe, ndipo kawirikawiri ntchitoyo imagawidwa maulendo angapo motalikirana masabata awiri kapena atatu. Popeza khoma latsopano limatenga pafupifupi chaka kuti litsike lonse, mwini asayembekezere chiboda chabwino mwezi womwewo. Bulu wotero apumule pangolo mpaka atayamba kuponda bwino.

N'chifukwa chiyani ziboda zina zimanunkha ndi kutuluka zakuda? Kodi oyilo wakutha wa galimoto amathandiza?

Fungo loipa ndi zakuda zonata m'ngalande za frog ndi chizindikiro chakuti tizilombo tikudya nyamayo. Tizilomboti timakonda malo onyowa opanda mpweya, ndipo khola lodzaza ndowe, mkodzo ndi matope ndiwo malo ake. Alimi ambiri amasiya ndowe ziunjikane m'khola kuti apeze manyowa, koma bulu wogona ndi kuima mmenemo dzinja lonse amalipira ndi mapazi ake. Manyowawo angathe kuwolera padzenje kunja kwa khola. Mankhwala ake ndi kutsukula phazi tsiku ndi tsiku, kuchotsa zowola, kupaka ayodini, ndi kupatsa chiweto malo ouma. Khola likhale ndi denga mbali imodzi, pansi pokwera pothiridwa miyala ing'onoing'ono kapena zidutswa za njerwa zotsenderedwa bwino, ndi ngalande yochotsa madzi.

Vuto lina lofala kwa abulu limagwira mzere woyera. Mzerewo umafumbutuka, pamatsala mphako pakati pa khoma ndi chikhatho, ndipo mchenga ndi timiyala timalowa n'kumakwera m'mwamba. Chiboda chotalika chimakulitsa vutoli chifukwa khoma limakanuka pa sitepe iliyonse. Mphako yaing'ono itsukulidwe ndi kusungidwa youma, koma yakuya imafuna wodziwa kuti achotse khoma lakufalo mpweya ulowe.

Oyilo wakutha wa galimoto sachiza chilichonse mwa zimenezi. Ali ndi zinthu zapoizoni, amawotcha khungu la pamkombero pamene chiboda chimamerera, ndipo amatsekera chinyezi ndi tizilombo mkati. Chiboda chathanzi sichifuna kudzozedwa mafuta a mtundu uliwonse.

Bulu akayamba kutsimphina mwadzidzidzi, vuto limakhala chiyani?

Poyamba payang'anidwe mwala, munga kapena msomali. Ngati palibe chooneka koma chiboda chikutentha koposa zinzake ndipo bulu sakufuna kuchiponda n'komwe, kawirikawiri ndi chithupsa cha mkati. Mafinya amasonkhana m'malo osatambasuka, ndipo ululu wake umachititsa mwini kuganiza kuti mwendo wathyoka. Akapanda kutsegulidwa amadziboolera okha pamkombero wapamwamba. Mlangizi wa ziweto amatsegula kabowo kakang'ono pansi kuti mafinya atuluke, ndipo mwini amaviika phazilo m'madzi ofunda amchere kamodzi kapena kawiri patsiku, n'kulikulunga ndi nsalu yoyera ndi saka kuti dothi lisalowe.

Msomali wolasa pa frog kapena pafupi nayo ndi woopsa kwambiri chifukwa pamwamba pake pali mfundo ndi mtsempha waukulu. Ngati mlangizi ali kutali ndipo msomaliwo ungalowe mkati chiweto chikaponda, uzulidwe, koma mwini akumbukire malo ake, kuya kwake ndi kumene unaloza, ndipo ausunge kuti akaonetse. Abulu ndi akavalo amagwidwa kafumbata mosavuta koposa ziweto zambiri, ndipo bala lakuya la m'phazi ndilo khomo lake. Katemera wa kafumbata wa ziwetozi alipo, ndipo ndi bwino kufunsa za katemerayu ngozi isanachitike. Bulu saonetsa ululu msanga monga kavalo. Amene wangoti zii, akugona pansi nthawi zambiri kapena wasiya kudya si waulesi, ndipo chikwapu sichimuchiza. Bulu amene wasiya kudya amafunika thandizo tsiku lomwelo.

Kodi chakudya chimakhudza ziboda?

Chimakhudza kwambiri. Mizere yopingasa imene imaoneka pakhoma imasonyeza nthawi imene chakudya chinasintha kapena chiweto chinadwala. Bulu wowonda chifukwa cha njala ya m'chilimwe amamera chiboda chofooka. Koma choopsa koposa ndi kudya kopitirira. Bulu akalowa munkhokwe n'kudya chimanga chambiri, akapatsidwa madeya ochuluka mwadzidzidzi, kapena akanenepa kwambiri ndi msipu wanthete wa mvula yoyamba, timinofu tomangirira fupa kukhoma timatupa. Matendawa amatchedwa laminitis. Mapazi, makamaka akutsogolo, amatentha, mtsempha wa kumbuyo kwa mfundo yapansi umagunda mwamphamvu, ndipo chiweto chimaima chotsamira kumbuyo kapena kusinthasintha mapazi. Zikafika poipa fupa limapendekera mkati mwa chiboda ndipo silibwereranso. Chiweto chotero chichotsedwe pamsipu ndi pamadeya, chiimikidwe pamchenga wofewa, mapazi aziziritsidwe ndi madzi, ndipo mlangizi aitanidwe msanga. Chakudya choyenera bulu ndi chaulusi wambiri: udzu wokhwima, mapesi a chimanga ndi zotsalira za nyemba kapena mtedza zopanda nkhungu, madzi okwanira ndi mchere pang'ono. Madeya ndi a bulu amene akugwira ntchito yolemetsa, ndipo apatsidwe pang'onopang'ono.

Kodi kavalo amene wakhala akuvala zitsulo angazisiye? Nanga paphula, chiboda chokha chingapirire?

Akavalo ambiri angazisiye, koma osati tsiku limodzi. Zitsulo zichotsedwe ndi munthu wodziwa kuwongola nsonga za misomali, chifukwa kuzikanula mwamphamvu kumathyola khoma. Poyamba chiboda chisafupikitsidwe kwambiri, chingobulungidwa m'mphepete. Mabowo a misomali amabenthuka mpaka atatsika n'kutha, ndipo kavalo amaponda monyinyirika pamiyala kwa masabata kapena miyezi ingapo. Ayambire pa nthaka yofewa, kenaka azizolowera polimba pang'onopang'ono. M'maiko ena amagwiritsa ntchito nsapato za labala zovala poyenda ndi kuvula pobwerera.

Olimbikitsa njira imeneyi ena amanena kuti chitsulo n'choipa nthawi zonse, koma kumeneko n'kukokomeza. Funso lenileni ndi lakuti kodi chiboda chikumera mofanana ndi mmene chikudyekera. Chiweto choyenda makilomita ambiri paphula tsiku lililonse chikukoka katundu chingadye chiboda mpaka chikhatho kupyapyala. Kwa kavalo wotero chitsulo kapena nsapato zili ndi ntchito. Kwa bulu wa ku Ntcheu, kumene amisiri okhomera zitsulo sapezeka, yankho ndi kuchepetsa katundu, kuyendetsa ngolo m'mbali mwa dothi pamene n'kotheka, ndi kusinthanitsa abulu kuti ena apume. Chiboda chodyeka mopitirira sichiwengedwa, chimangosalazidwa m'mphepete n'kupatsidwa masabata oti chimere. Katundu amalemeranso koposa pamene abulu amangidwa pagoli la ng'ombe, limene limakhala pakhosi, chikhalirecho mphamvu ya bulu yokokera ili pachifuwa.

Kodi njira yomweyi ingagwire pa ng'ombe ndi mbuzi?

Ayi. Ziweto zimenezi zili ndi ziboda zogawika pakati, zopanda frog, ndipo chala chilichonse chimawengedwa pachokha kuti ziwirizo zifanane. Mbuzi zogona m'khola lam'mwamba kapena zomangirira dzinja lonse zimatalika ziboda mpaka khoma kupindikira pansi, ndipo zimawengedwa ndi sizasi yolimba kapena mpeni wakuthwa. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amachititsa boma kutseka misika ya ziweto, amagwira ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba, koma sagwira abulu kapena akavalo. Bulu akatsimphina pa nthawi ya mliri wotero, chifukwa chake chifunidwe kwina.

Kodi munthu angaphunzire kuti, ndipo ndi ziti zimene angachite yekha?

Kuwenga ndi luso la manja, ndipo kuwerenga kokha sikukwanira. Poyambira ndi kwa alangizi a ziweto a boma, amene amapezeka kudzera m'maofesi a zaulimi a m'madera monga Tsangano, Njolomole, Kandeu, Nsipe, Manjawira, Sharpevale ndi Bilira. Ena mwa alangizi otere amaphunzira kusukulu ya zaziweto ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, pamene madokotala a ziweto amaphunzitsidwa ku yunivesite ya LUANAR. Bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA la ku Lilongwe lakhalanso likugwira ntchito ndi eni abulu pa nkhani ya chisamaliro. Popeza zipangizo zabwino ndi zodula, eni ngolo a mudzi umodzi angasonkherane kugula tupa, mpeni ndi chodulira, n'kusankha mmodzi wodekha kuti aphunzire bwino ndi kumathandiza onse.

Mwini aliyense angathe kuchita yekha zinthu zitatu kuyambira tsiku loyamba: kutsukula mapazi m'mawa ngolo isananyamuke ndi madzulo ikabwera, kusunga khola louma, ndi kubulunga m'mphepete ndi tupa. Kudula ndi chodulira ndi kupala chikhatho kudikire mpaka ataonerera wodziwa n'kuchita pamaso pake kangapo. Chiboda chopindika, mphako yakuya, chithupsa, bala la msomali ndi laminitis ndi ntchito ya mlangizi. Lamulo loteteza nyama la dziko la Malawi, Protection of Animals Act, limaletsa kuchitira chiweto nkhanza, kuphatikizapo kuchimenya mwankhanza ndi kuchisenzetsa katundu wopitirira mphamvu zake. Bulu wotsimphina sayenera kumangidwa pangolo mpaka chifukwa chake chitapezeka ndi kuchizidwa.